Chigafa cha fodya chingaumitse chamba cha mankhwala? Nanga mafuta ake amatuluka bwanji?

Funso: Ndine mlimi wa fodya wa bale cha ku Mitundu. Gulu lathu likuganiza zolowa mu ulimi wa chamba cha mankhwala ndipo tayamba kufunsa za chiphaso. Zigafa tili nazo kale, fodya tinayamba kuumitsa tili anyamata. Kodi chamba tingaumitsire mommo? Timamvanso kuti ndalama zenizeni zili m'mafuta ake. Mafutawo amawatulutsa bwanji, ndipo gulu ngati lathu lingakwanitse? M'mudzi mwathu mulinso mayi wina amene mwana wake amadwala khunyu, akuti tikadzayamba tidzamugawireko mafutawo.

Yankho: Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa mbewu isanalowe m'nthaka. Chigafa cha fodya, momwe chililimu, sichingakuumitsireni chamba choti n'kupatsa munthu wodwala. Luso lanu ndilo lidzagwira ntchito: maso odziwa tsamba lomwe layamba kuola, mphuno yozindikira nkhungu isanaonekere, chizolowezi chodzuka usiku kukaona ngati nyengo yatembenuka. Koma nyumba yake iyenera kukhala ina. Ndikhalitsa pa nkhani ya kuumitsa kuposa ya mafuta, chifukwa m'kuona kwanga ndi pomwe mlimi amapindulira kapena kutayira ndalama zake.

Za lamulo mwayamba kale kufunsa, choncho ndingokhudzako. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act mu Febuluwale 2020, patadutsa zaka zingapo mbewu zikuyesedwa ku Chitedze kuno ku Lilongwe, ndipo bungwe lopereka ziphaso ndi Cannabis Regulatory Authority. Chilolezo chimaperekedwa malinga ndi ntchito imene mukufuna kugwira. Kuloledwa kulima sikutanthauza kuti mwaloledwanso kutulutsa mafuta kapena kugulitsa kunja. Mukapita ku ofesi yawo, afunseni bwinobwino kuti chiphaso chanu chikuthera pati. Zonse zimene ndinene pano n'za munthu amene ali ndi chiphaso m'manja.

Tiyambe ndi chinthu chimene tikuteteza. Mankhwala a m'chamba sali m'tsinde, sali m'njere, ndipo m'masamba aakulu muli ochepa zedi. Ali pa maluwa a chomera chachikazi chimene sichinalandire mungu. Mukatenga duwa lokhwima n'kuliyang'ana pa galasi lokuza zinthu ka 30 kapena ka 60, mudzaona timatumba ting'onoting'ono tonyezimira, kalikonse kali ndi kamwendo ndi kamutu kozungulira. Akatswiri amatitcha trichomes. M'timitu timeneti ndi momwe chomera chimapangira utomoni, ndipo mu utomoniwo muli mankhwala oposa 100 a gulu la cannabinoids, pamodzi ndi tinthu topereka fungo totchedwa terpenes. Odziwika kwambiri ndi awiri. THC ndi imene imaledzeretsa, koma imathandizanso pa ululu, mseru ndi kuuma kwa minofu. CBD siledzeretsa. CBD anaipatula koyamba ndi Roger Adams ku America mu 1940, pomwe THC anaipatula ndi Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ku Israel mu 1964.

Timatumbati tili kunja kwa duwa, pamtetete, ndipo khungu lake n'lopyapyala kwambiri. Chala chikangokhudza, kamutu kamathothoka kapena kuphulika. Mukadzaona munthu akudula maluwawa, muyang'ane magolovesi ake: amayamba kumata, kenako amada, mpaka zala zimakakamirana ndi sizasi. Zakuda zimenezo ndi mankhwala amene achoka pa duwa ndipo sadzafikanso pa sikelo ya wogula. Ndiye kusoka, kumanga m'mitolo, kuponyerana, kupanikiza pa jeke, zonse zimene fodya amapirira, chamba cha mankhwala sichipirira.

Kusiyana kwakukulu ndi fodya kuli pa cholinga. Pa bale mumafuna tsamba lisinthe, lichoke kubiriwira, lichite chikasu, kenako lifiire. Mphepo yodutsa m'chigafa ndi chinyezi cha usiku ndi anzanu, ndipo mumadikira m'mawa wa mame kuti fodya afewe musanamutsitse. Pa chamba cha mankhwala simukufuna kuti utomoni usinthe ngakhale pang'ono. Mukufuna madzi okha achoke. Kuwala kwa dzuwa, kutentha ndi mpweya zikagwirizana, THC imasanduka chinthu china chotchedwa CBN, ndipo wogula akaona CBN yochuluka pa pepala la ku labotale amadziwiratu kuti katunduyo anasungidwa moipa kapena wagonera. Terpenes nazonso zimauluka kukatentha. Chipinda cha malata mu Okutobala chimanunkhira mwamphamvu kwambiri, anthu n'kumasangalala kuti mbewu yabwino, chonsecho fungo limene lili m'mwambalo ndi limene lachoka m'duwa.

Tsopano madzi. Duwa longodula kumene lili ndi madzi pakati pa 75 ndi 80 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, ndipo liyenera kutsika kufika pa 10 mpaka 12. Mukalowetsa makilogalamu 100 a maluwa aawisi, mutulutsa makilogalamu 22 mpaka 28 okha, ndipo chipindacho chiyenera kutaya malita pafupifupi 75 a madzi. Ambiri mwa madziwa amatuluka m'masiku atatu oyamba. Ngati alibe kolowera, amangozungulira m'chipindamo n'kubwerera pa maluwa. Tsamba la fodya n'lopyapyala, mphepo imalifika mbali zonse. Duwa la chamba n'lothinana, kunja kumauma mkati mukadali monyowa. Ndaonapo duwa lalikulu, lokongola, louma bwino m'manja, koma kulithyola pakati, pafupi ndi kamtengo kake, munali mofiirira, mofewa, muli tiulusi totuwa, ndipo kulipukusa pang'ono kunatuluka kafumbi. Imeneyo ndi nkhungu ya Botrytis, ndipo kafumbiko ndi mbewu zake zimene zikupita pa maluwa ena onse. Imakonda maluwa aakulu omwe aja mlimi amanyadira. Pa chifukwa chomwecho, musaunjike zokolola m'matumba kapena m'ngolo kudikira mawa. Mulu wa maluwa aawisi umayamba kutentha wokha pakangopita maola ochepa. Dulani zokwanira kupachika tsiku lomwelo.

Botrytis imaononga katundu. Nkhungu imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya mtundu wa Aspergillus, chifukwa imaononga munthu. Inu a ku Mitundu mumalimanso mtedza, chuku mukuchidziwa. Nkhungu yomwe ija imamera pa mtedza wosauma bwino n'kusiya poizoni wa aflatoxin imameranso pa chamba. Poizoniyo amaononga chiwindi, ndipo satha ndi moto wamba. Ku Netherlands chamba cha mankhwala amachidutsitsa pa cheza champhamvu chosaoneka chotchedwa gamma kuti tizilombo tife, komabe chezacho si chodalira pochotsa poizoni amene wapangika kale. Mayiko a ku Ulaya salola kuti aflatoxin B1 apitirire mamayikirogalamu 2 pa kilogalamu ya mankhwala ochokera ku zomera, mlingo woti diso silingaone. Palinso mtundu wina wa Aspergillus umene umamera m'mapapo mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Taganizirani amene amafuna mankhwalawa: wodwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, munthu wa HIV amene thupi lafooka, mwana wa khunyu. Munthu wathanzi akhoza kupuma kafumbi kaja osamva kanthu, koma awa akhoza kufa nako. Chigafa n'chotsegula mbali zonse, pansi ndi dothi, denga ndi udzu, nkhuku zimadutsamo, makoswe ndi mbalame zimasiyamo zitosi, ndipo mikangala yanyamula fodya zaka zambiri. Fumbi la fodya lili ndi nicotine komanso zotsalira za mankhwala opopera. Zonsezi zimamatirira pa utomoni ndipo sizisasika.

Chipinda choyenera chisakuopseni, si nyumba yosanja. Chikhale cha njerwa, pansi pa simenti, makoma opaka penti yotheka kutsuka, siling'i yotchinga kutentha kwa malata, mazenera otsekedwa kuti mukhale mdima, ndi sefa polowera mpweya. Nthambi muzipachike chadodolido pa mawaya osachita dzimbiri, motalikirana kuti zisakhudzane, kapena muyale maluwa pa mathireyi a mauna, osasanjikiza. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 15 ndi 21, chinyezi cha mumpweya pakati pa 50 ndi 60 pa 100. Mafani aziyendetsa mpweya pang'onopang'ono, osalunjika pa maluwa. Zikatero, pamatenga masiku 7 mpaka 14. Kuumitsa mothamanga kumatseka kunja madzi akadali mkati, ndipo mukaika m'thumba amatulukira kunja n'kunyowetsa zonse. Kuumitsa mochedwa kwambiri n'kuitana nkhungu.

Nyengo ya kuno ku Lilongwe imakuthandizani miyezi ina n'kukutembenukirani miyezi ina. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, mpweya n'wouma, ndipo chipinda chomangidwa bwino chimafika pafupi ndi miyezo imeneyi popanda makina ambiri. Mu Seputembala mpaka Novembala vuto ndi kutentha ndi fumbi, maluwa amauma msanga mopitirira. Mu Januwale mpaka Malichi chinyezi chimakwera moti zovala zimene pachingwe zimakana kuuma, ndipo popanda makina oyamwa chinyezi simungapambane. Musaiwale kuti chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika kufika maola pafupifupi 12, ndipo kwathu kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse. Mbewu zochokera kumayiko ozizira zimathamangira maluwa zikadali zazifupi pokhapokha muziwonjezere kuwala kwa magetsi, ndipo amene akulima m'nyumba za pulasitiki amakolola kangapo pa chaka. Ndiye kukolola kwina kudzagwera pakati pa dzinja. Magetsi akathima usiku umodzi m'chipinda chodzaza maluwa a tsiku lachiwiri, chinyezi chimakwera mpaka makoma kuchita thukuta. Jenereta kapena sola ya mabatire muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa chipinda, osati ngati chinthu chodzagula mtsogolo. Gulaninso timakina toyeza kutentha ndi chinyezi, n'totsika mtengo, muike pamwamba, pakati ndi pakona, ndipo wina azilemba m'buku m'mawa, masana ndi usiku. Wogula weniweni adzapempha buku limenelo.

Mudziwa bwanji kuti zauma? Kanthambi kakang'ono mukakapinda kazithyoka ndi kaphokoso, osati kungopindika. Chimenecho n'chizindikiro choyamba chabe. Tengani maluwa a malo osiyanasiyana m'chipindamo, muike m'botolo la galasi pamodzi ndi kamakina koyeza chinyezi, mutseke, muone mawa lake. Kakasonyeza pakati pa 55 ndi 65, muli pabwino. Kakadutsa 65, bwezerani pa waya, chifukwa kuyambira pamenepo nkhungu imatha kumera. Kakatsika pansi pa 55, maluwa auma mopitirira, ndipo timatumba tija tiyamba kuyoyoka n'kutsalira pansi pa thumba. Ku labotale muyezo womwewu amautchula kuti water activity, ndipo amafuna ukhale pakati pa 0.55 ndi 0.65. Buku la miyezo ya mankhwala la ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito pa maluwa a chamba mu 2024, limati madzi asapitirire 12 pa 100 ndipo CBN isapitirire 1 pa 100.

Ngati maluwa akukagulitsidwa ali maluwa, pali gawo lina. Amawatsekera m'zidebe zoyera zosalowa mpweya, pamalo ozizira ndi amdima, kwa masabata awiri kapena anayi, n'kumatsegula pang'ono tsiku lililonse sabata yoyamba. Chinyontho chotsalira mkati chimafalikira mofanana, ndipo fungo la udzu wauwisi limatha. Mukatsegula chidebe n'kumva fungo lobaya m'mphuno, la mkodzo wogonera, ndiye kuti munatsekera zonyowa ndipo mabakiteriya ayamba ntchito. Katundu wotero asapite kwa wodwala. Ngati zokolola zikupita ku fakitale ya mafuta, gawo limeneli silifunika kwenikweni, ndipo mafakitale ena amaumitsa pa makina a mpweya wofunda m'maola ochepa, podziwa kuti ataya fungo koma CBD itsala. N'chifukwa chake muyenera kudziwa wogula wanu ndi zofuna zake musanamange chipinda.

Ndiwonjezere za nthawi yokolola, pakuti imakhudza chiphaso. Timitu tija timayamba tili tambee, kenako timachita mbuu, pomaliza timafiira. Alimi ambiri amadula pamene tambiri tachita mbuu. Koma pa mbewu za CBD, duwa likamakhwima THC imakwera limodzi ndi CBD. Lamulo lathu limaika malire a THC pa 1 pa 100 kwa chamba cha mafakitale, chija chosaledzeretsa, ndipo kuchedwa kukolola kukhoza kudutsitsa munda wonse malire amenewo. Galasi silingakuuzeni zimenezi. Tumizani zitsanzo ku labotale masabata omaliza.

Tibwere ku mafuta. Chomera sichipanga THC ndi CBD mwachindunji. Chimapanga maasidi ake, THCA ndi CBDA, ndipo kuti asanduke mankhwala amene madokotala amalemba, pamafunika moto woyezedwa bwino: madigiri pakati pa 105 ndi 120 kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, mu uvuni wosunga kutentha mofanana. Pamenepo kachidutswa kena kamachoka ngati mpweya wa carbon dioxide, ndipo kulemera kumatsika. Galamu imodzi ya CBDA imapereka magalamu 0.877 a CBD. Nambala imeneyi muisunge pamtima, chifukwa mtengo wa katundu wanu udzawerengedwa nayo. Mwachitsanzo, makilogalamu 10 a maluwa ouma okhala ndi CBDA 10 pa 100 ali ndi kilogalamu imodzi ya CBDA, kutanthauza magalamu 877 a CBD, ndipo palibe makina amene amatulutsa yonse. Mafakitale ena amatenthetsa maluwa asanatulutse mafuta, ena amatenthetsa mafutawo pambuyo pake.

Utomoniwu susungunuka m'madzi. Umasungunuka mu ethanol, m'mafuta, ndi mumpweya wopanikizidwa kwambiri, ndipo njira zonse zimachokera pamenepo.

Yofala kwambiri ndi ya ethanol. Maluwa ouma amawaphwanya pang'ono, osawapera kukhala ufa, n'kuwamiza mu ethanol wozizira kwambiri, madigiri 20 mpaka 40 pansi pa ziro, kwa mphindi zochepa. Kuzizirako n'kofunika. Ethanol wofunda sasankha, amatenga utomoni pamodzi ndi zobiriwira za m'masamba ndi phula la pakhungu la chomera, n'kutulutsa zinthu zakuda zowawa. Wozizira amatenga utomoni n'kusiya zambiri mwa zinazo. Akasefa, amatsala ndi madzi agolide, ndipo ntchito yotsatira n'kuchotsa ethanolyo. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa amvetsa msanga: chimene chimawira msanga chimauluka, n'kukazizira m'paipi, n'kudontha kwina. Ethanol amawira pa madigiri 78, koma m'makina a galasi ozungulira amene amayamwa mpweya mkati, amawira pa madigiri pafupifupi 40, choncho mankhwala sapsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chofunika ndi chotsalira mu botolo, ndipo ethanol wodonthayo amabwerera kukagwiranso ntchito. Chotsaliracho ndi mafuta olimba, omata, okhala ndi cannabinoids pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu, nthawi zina kuposerapo.

Dziko lathu lili ndi mwayi pa njira imeneyi, chifukwa ethanol timapanga tokha kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Koma wogwiritsa ntchito pa mankhwala ayenera kukhala wa mlingo wa chakudya kapena wa mankhwala, wokhala ndi pepala lake. Wothira m'petulo sayenera. Sipiriti wa m'sitolo uja, wamtundu wa papo, amathiramo methanol dala kuti anthu asamwe, ndipo methanol amachititsa khungu ndi kupha. Nthunzi ya ethanol imayakanso ndi kamoto kakang'ono, ngakhale ka switchi ya magetsi kapena ka mota ya firiji wamba, choncho chipinda chake chimafuna mawaya ndi mafani apadera.

Njira yachiwiri ndi ya carbon dioxide. Mpweya umenewu ukatenthedwa kupitirira madigiri 31 n'kupanikizidwa kupitirira mabar 74, komwe ndi kuposa ka 70 mphamvu ya mpweya watizungulirawu, umakhala pakati pa madzi ndi mpweya. Umalowa paliponse m'maluwa n'kusungunula utomoni. Akamasula mphamvuyo, mpweya umauluka, mafuta n'kutsala opanda chotsalira chilichonse cha poizoni, ndipo mpweyawo suyaka. Mwini makina akhoza kusintha mphamvu ndi kutentha kuti atulutse terpenes padera. Mankhwala a Sativex, opopera m'kamwa, amene dziko la Britain linavomereza mu 2010 pothandiza kuuma kwa minofu pa matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, amachokera ku mafuta otulutsidwa ndi carbon dioxide. Ubwino wake ndi umenewo. Koma makinawo n'ngokwera mtengo kwambiri, amagwira ntchito pang'onopang'ono, amadya magetsi, ndipo kachipangizo kamodzi kakaonongeka mumadikira kochokera kunja. Amadananso ndi maluwa a chinyontho.

Pa intaneti mudzaona anthu akugwiritsa ntchito gasi wa butane. Mafakitale ena akunja amatero m'makina otsekeka ndi m'zipinda zomangidwira zimenezo. Kunja kwa pamenepo, gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amayenda pansi osaoneka mpaka atapeza moto, ndipo anthu ambiri apsa ndi kufa nayo njirayi. Ndikupemphani kuti achinyamata a m'gulu lanu asayese n'komwe. Zilipo njira zopanda zosungunulira, monga kupeta timitu tija pa sefa yosalala, kutithothola m'madzi a ayezi, kapena kufinya maluwa pakati pa zitsulo zofunda. Zimatulutsa zochepa ndipo sizikwanira msika wa mankhwala. Ku Italy ma pharmacy amatenthetsa maluwa m'mafuta a olive pokonzera wodwala mmodzimmodzi, koma amachita zimenezo dokotala atalemba, ndipo mafutawo amayezedwa mphamvu yake.

Mafuta oyambawo sanafike poti n'kutchedwa mankhwala. Ngati muli phula, amawasungunulanso mu ethanol n'kuwaika m'firiji ya madigiri 20 pansi pa ziro kapena kuposa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Phula limaundana, ndipo posefa limatsalira pa pepala, lachikasu, lofewa, lochuluka modabwitsa. Kenako amatcheza mafutawo m'makina oyamwa mpweya kwambiri kuti cannabinoids apatuke ku zotsalira, n'kufika 80 mpaka 90 pa 100. CBD ikhoza kupitirira pamenepo, n'kuumitsidwa kukhala ufa woyera wa 99 pa 100. Pomaliza amasakaniza ndi mafuta odyedwa pa mlingo wodziwika, kuti dontho lililonse likhale ndi mphamvu yofanana ndi linzake. Gawo lililonse limayezedwa pa makina a ku labotale otchedwa HPLC, amene satenthetsa chitsanzo, motero amaonetsa CBDA payokha ndi CBD payokha.

Chimene ndikufuna gulu lanu likambirane mofatsa ndi ichi. Makina otulutsa mafuta amasonkhanitsa zimene mwawapatsa. Makilogalamu 10 a maluwa akasanduka kilogalamu imodzi kapena iwiri ya mafuta, CBD imachuluka kangapo, koma mankhwala ambiri ophera tizilombo nawonso amasungunuka mu ethanol ndipo amachuluka chimodzimodzi. Poizoni wa chuku akhoza kudutsa nawo. Chamba chimakokanso zitsulo za m'nthaka monga mtovu ndi cadmium. Munda umene walimidwa fodya zaka zambiri uyezedwe dothi lake, madzi othirira ayezedwenso, ndipo mankhwala a fodya kapena othira m'chimanga asayandikire n'komwe chipinda choumitsira, ngakhale sipuleya yake. Maluwa ankhungu kapena opoperedwa sakonzeka ku fakitale, amangoononga mafuta a alimi ena amene asakanizidwa nawo. Pa chifukwa chimenechi fakitale yosamala imayeza katundu wanu isanalipire, ndipo ikakana, kulibe msika wina wololedwa woti mukagulitseko motchipa monga muchitira ndi fodya wobwerera ku okushoni ku Kanengo.

Kodi gulu lanu lingakwanitse kutulutsa mafuta? Tsiku lina mwina, koma sindikulangizani kuyambira pamenepo. Mayiko ogula mankhwala amafuna kuti munda utsatire ndondomeko za kalimidwe ndi kakololedwe kabwino zotchedwa GACP ndipo fakitale ikhale ndi satifiketi ya kapangidwe kabwino ka mankhwala yotchedwa GMP, zomwe zimafuna nyumba yapadera, akatswiri olembedwa ntchito, labotale ndi mapepala a chidebe chilichonse. Kuno kwathu, chilichonse chogulitsidwa ngati mankhwala chimadutsanso ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mitengo ya CBD pa msika wa dziko lonse inagwa kwambiri kuchokera mu 2019, alimi a ku America atalima mopitirira, ndipo sitili tokha mu Africa muno: Lesotho inayamba kupereka ziphaso mu 2017, Zimbabwe mu 2018. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pezani kaye wogula wa chiphaso, akupatseni polemba mtundu wa mbewu, mlingo wa CBD ndi THC, chinyontho, malire a nkhungu ndi zitsulo, labotale imene idzayeze, ndi amene adzalipire kuyezako. Yambani ndi malo ochepa, oti chipinda chanu chingathe kuumitsa zokolola zake mu Febuluwale. Pa katundu aliyense wotuluka, sungani chitsanzo chanu chomata bwino, cholembedwa tsiku, kuti pakabuka mkangano pa zotsatira mukhale ndi poyambira.

Musasokoneze mafuta amenewa ndi mafuta a njere. Njere za chamba cha mafakitale zimafinyidwa pa makina onga a mpendadzuwa, n'kutulutsa mafuta abwino odya ndi odzola, ndipo ntchito imeneyo gulu ngati lanu likhoza kuifikira ndi chiphaso choyenera. Koma m'mafuta a njere mulibe CBD yoti n'kuchiza nayo munthu, ndipo kuwagulitsa ngati mankhwala n'kunamiza odwala. Komanso munda wa njere umafuna zomera zamphongo, ndipo mungu wake umauluka patali. Ukafika pa munda wa maluwa a mankhwala, maluwawo amadzaza njere ndipo mphamvu yake imatsika. Minda iwiriyi isayandikane.

Za mayi a mwana wa khunyu, ndikumva kuwawa kwa mtima wawo, ndipo chimene anamva chili ndi poyambira. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala a Epidiolex, omwe ndi CBD yoyeretsedwa, pothandiza mitundu iwiri ya khunyu yovuta kwambiri ya ana, ya Dravet ndi ya Lennox-Gastaut. Koma khunyu lili la mitundu yambiri, ndipo ana ochuluka amathandizika ndi mankhwala amene ali kale m'zipatala zathu akamamwa mosadumphitsa. Epidiolex amaperekedwa powerengera kulemera kwa mwana, moonjezera pa mankhwala ena, dokotala akuyeza magazi. CBD ikakumana ndi mankhwala a khunyu a sodium valproate ikhoza kuvulaza chiwindi, pomwe mankhwala ena a khunyu, carbamazepine ndi phenobarbitone, amachititsa kuti thupi liichotse msanga. Mafuta opangira kunyumba sadziwika mphamvu yake, botolo la lero silifanana ndi la mawa, ndipo amakhala ndi THC, imene si yabwino ku ubongo wa mwana. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi akhoza kusiyitsa mwana mapiritsi a kuchipatala pokhulupirira mafutawo, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka kosalekeza kumene kumapha. Musawalonjeze mafuta. Ngati mwana akugwabe ngakhale akumwa mankhwala, gulu lanu liwathandize thiransipoti, apite kuchipatala cha kwanuko akapemphe kalata yowatumiza ku Kamuzu Central, atanyamula buku la kuchipatala la mwanayo ndi mapiritsi onse amene akumwa, komanso atalemba masiku amene wagwa ndi kutalika kwa kugwa kulikonse.